Tsiku Limene Ndinatseka Msewu

1

Anthu a mumsewu mwathu akawerenga nkhaniyi andizindikira, ndipo andizindikire ndithu. Ndatopa ndi kupatsidwa moni wa mano okhaokha ndi anthu amene ankadziwa zonse n'kukhala chete.

Ine ndine telala. Shopu yanga ndi khonde la nyumba yathu lomwe tinalitchinga ndi matabwa, muli makina awiri, tebulo lodulira nsalu ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Ndikakhala pamakina ndimaona msewu wonse, kuyambira pa okala ya pakona mpaka pageti la sukulu.

Msewu wathu kale unali wa ana. Ankaseweramo mpira, ankaphunziriramo njinga. Koma atayamba kugawa mapuloti kumtunda, malole a mchenga anautulukira ngati njira yachidule. Kuyambira m'mawa anali chiii, chiii, fumbi lokhalokha, zovala pachingwe kuuma zili zofiira. Tinadandaula kangapo kumisonkhano ya komiti ya dera lathu kuti khonsolo itiikire mahampu, zitunda zija zochepetsa liwiro la galimoto. Wapampando wathu, mkulu wina wopuma pantchito, yankho lake linali limodzi: "Amayi, tiyeni titsate ndondomeko." Mpaka tinangowatcha a Ndondomeko, iwo n'kumavomera.

Pakhomo tinalipo asanu. Amuna anga, dalaivala wa pa ofesi ina mutauni, amene ankabwera masana ndi galimoto ya kuntchito kudzadya. Amayi anga ondibala, amene ndinawatenga bambo atamwalira. Mchimwene wanga wamng'ono, mzime wa kwathu, amene anamaliza sukulu koma ntchito osaiona, ankagona m'kanyumba kakuseri. Ndiye panali mwana wathu mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ameneyu tinkamutcha Wayilesi, chifukwa akadzuka pakamwa sipankatsekeka. Nkhani za aphunzitsi, za anzake, za galu wa aneba, zonse ankazitula pamakina panga ndisanafunse n'komwe.

2

Tsikulo ndinapita mutauni kukagula ulusi ndi mazipi a mayunifolomu. Ndili pamzere wolipira, foni inalira. Anali amuna anga, mawu awo ngati a munthu wina.

"Amake Wayilesi, bwerani kuchipatala chachikulu. Mwana wagundidwa."

Mazipi ndinawasiya pakauntala pomwepo. Momwe ndinafikira kuchipatala sindikumbukira. Ndimangokumbukira khonde lalitali lonunkha mankhwala, amayi anga atakhala pansi akulira, ndi amuna anga akuyendayenda manja ali kumutu. Mwana anali atalowa kale kuchipinda cha opaleshoni. Mwendo wakumanja unathyoka pawiri, chiuno chinasuntha.

Pabenchi panali bambo wina wamtali, wathupi, nsapato zake zili mchenga wokhawokha. Malaya ake anali magazi kuyambira pachifuwa mpaka palamba. M'manja anagwira chikwama cha sukulu cha mwana wanga.

"Ameneyu ndani?" ndinafunsa.

Amuna anga anayang'ana pansi. "Ndi wa lole ya mchenga. Ndi amene wabwera naye."

Bamboyo anaimirira mwaulemu n'kundipatsa chikwamacho. "Pepani mayi. Ine ndamupeza ali kale pansi. Ndangoona kagalimoto koyera kakukhota pakona mothamanga. Ndinaona kuti kudikira ambulansi mwana atisiya, ndiye ndamunyamula."

"Wamunyamula chifukwa chiyani ngati si iwe?" ndinakuwa. "Dalaivala wa lole anayamba liti chifundo? Tsiku lililonse mumatithira fumbi ngati ndife mbuzi, lero wasanduka mngelo?"

"Mayi, ndikulumbira..."

Ndinamumenya ndi chikwama chomwecho kumaso. Iye sanabweze. Anamwino ndi amene anandigwira. Amuna anga anangoima poteropo, osanena kuti eya, osanena kuti ayi.

3

Wayilesi anapulumuka, koma anatuluka m'chipinda chija ali mwana wina. Mwendo anaumanga zitsulo ndi chikhakha, ndipo pakamwa paja panatsekeka. Ukamufunsa kanthu ankangogwedeza mutu. Adokotala anati ndi mantha, zimachitika, zidzatha.

Amayi anga anadzipereka kukhala naye kuchipatala. "Iwe pita ukasoke, mayunifolomu a anthu akudikira," ankatero. "Mdzukulu wanga ndimusamala ndine." Ndinkathokoza Mulungu pondipatsa mayi wotere.

Apolisi atabwera kudzamufunsa, ine ndinalipo. Wapolisi wamkazi anagwada pambali pa bedi.

"Mwanawe, galimoto imene inakugunda unaiona?"

Mwana anayang'ana agogo ake, kenaka bambo ake.

"Anakomoka nthawi yomweyo," amuna anga anayankha msanga. "Sakukumbukira chilichonse. Musamuvutitse, chonde."

Dalaivala wa lole uja apolisi anamusunga masiku angapo n'kumutulutsa. Anati lole yake ilibe chizindikiro chogunda munthu, ndipo mboni palibe. Palibe! Masana dzuwa likuswa mtengo, ana akuweruka, mumsewu wokhala ndi okala, saluni ndi mpopi wa madzi, ati palibe anaona.

Sabata yotsatira ndinamuona ndi maso angawa akudutsa pakhomo panga ndi lole yake yobiriwira, mchenga uli tho. Anachepetsa liwiro n'kuyang'ana kushopu kwanga. Ine ndinati akundiseka.

Lamlungu masana kunali msonkhano wa komiti m'kalasi ina kusukulu. Ndinaimirira asanatsirize n'komwe pemphero.

"A Ndondomeko, mwana wanga wagona ndi zitsulo m'mwendo. Ndondomeko yanu ili pati?"

"Amayi, tonse takhudzidwa. Nkhani ya mahampu tinaitula kukhonsolo, akuti akuiunika."

"Akuiunika ndi tochi yakutha mabatire? Nanga chigawenga chija chikudutsabe muno tsiku ndi tsiku, inu mukuti bwanji?"

Mkuluyo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Za munthu ujayo, amayi, ndikupemphani, tisaloze chala. Apolisi anamumasula. Mwina si iyeyo."

"Eni malole akudyetsani chiyani?"

 Bambo wa okala anayang'ana kudenga. Mayi wa saluni anayamba kusewera ndi foni. Ine ndinaona ngati ndi mantha a anthu osauka poopa eni malole.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," ndinatero. "Ngati abambo a muno mwavala masiketi, ife amayi titseka msewu tokha."

4

Kunyumba amuna anga anandichonderera. "Zisiyeni izi, amake Wayilesi. Mwana ali moyo, tithokoze. Mukufuna mumangidwe?"

"Mwana ndi wanga ndekha kodi? Inu magazi anu sawira?"

Amayi nawo anaikapo mlomo. "Kubwezera n'kwa Mulungu, mwana wanga."

Mchimwene wanga ndinamuuza kuti adzandithandize kugubuduza miyala. Anati mutu ukumupweteka. Masiku amenewo mutu unkamupweteka kawirikawiri, chakudya ankadyera m'kanyumba kake, ndipo kuchipatala sanapondeko n'kamodzi komwe. Ankati sapirira fungo la mankhwala. Ndinamutukwana kuti ndi mwamuna wa dzina lokha, n'kumusiya.

Lolemba m'mawa tinatseka msewu. Amayi a m'misewu yoyandikana nafe anabwera ambiri, ena ndi ana kumbuyo. Tinaika miyala, zitsa, matayala akale ndi bedi lachitsulo lothyoka. Malole anayamba kuima mndandanda mpaka kumsewu waukulu. Anyamata osowa chochita aja amakhala pamalo okwerera basi anabwera kudzatithandiza kuimba.

Lole yachitatu pamzerewo inali yobiriwira.

"Ndi uyo!" ndinakuwa. "Amene anathyola mwana wanga ndi uyo!"

Mawu amenewo ndinawanena ine, sindikana. Mwala woyamba unaswa galasi lakutsogolo. Anyamata anamukoka pampando n'kumugwetsera m'ngalande. Anamuponda, anamumenya ndi matabwa, iye akungotchinga mutu n'kumakuwa kuti, "Ndinangothandiza! Ndinangothandiza!"

A Ndondomeko anabwera akuthamanga, ndodo yawo ili m'mwamba. "Musiyeni! Amayi, auzeni amusiye, munthuyu alibe mlandu!"

"Mukudziwa bwanji? Munalipo?"

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Apolisi ndi amene anamulanditsa dalaivalayo, dzanja litathyoka, mano awiri atatsala m'ngalande.

Nkhani inamveka mutauni monse. Khansala amene tinali tisanamuonepo chisankho chithere anatulukira ndi suti yake. Sabata isanathe, khonsolo inabweretsa phula ndi anthu antchito, mahampu n'kumangidwa, kuwapaka utoto woyera ndi wachikasu. Malole anabwerera kunjira yawo yakale. Mwini lole yobiriwira anachotsa ntchito dalaivala wake, ati wamuonongetsa galimoto. Amayi a m'dera ankandiimika panjira. "Inu ndiye mkazi! Chisankho chikubwerachi muime ndinu."

Ndinkayenda mutu uli m'mwamba.

5

Wayilesi anatuluka m'chipatala akuyenda ndi ndodo ziwiri. Pomutenga anakanitsitsa kukwera galimoto ya bambo ake. Anagwira chitseko cha wodi n'kumalira mpaka tinachita kuitana takisi. Kunyumba, amalume ake akangodutsa pawindo ankadzifunditsa bulangete kumutu. Usiku ankakodza pogona, chinthu chimene anasiya ali ndi zaka zitatu. Zonsezi ine ndinkati ndi lole ija.

Tsiku lina chakum'mawa ndikusoka, pakhomo pa shopu panaima mayi wina wochepa thupi, mwana kumbuyo, beseni la tomato pamutu.

"Tomato tili naye," ndinatero osakweza mutu.

"Sindikugulitsa. Ndabwera kudzaona nkhope ya mkazi amene anapundula mwamuna wanga."

Phazi langa linaima pamakina. Anatula beseni pansi n'kulowa osaodira.

"Tulukani muno."

"Ndituluka. Koma mumve kaye. Mwamuna wanga dzanja lija silipindikanso, chiwongolero sadzachigwiranso. Ana anga atatu akudya tomato wotsala m'beseni umu. Tsiku lija anabwera kunyumba magazi a mwana wanu ali pamalaya, ndinachapa ndine. Ankalira ngati mwana, ati kamtsikanako kanali kumugwira chala njira yonse."

"Chikumbumtima chinkamupweteka."

Anaseka, kuseka kowawa. "Mayi, inu ndinu telala, nzeru muli nazo. Lole yodzaza mchenga itaponda mwana wa msinkhu umenewo, mukanapita kuchipatala kapena kumanda? Anakuuzani kuti inali galimoto yaing'ono yoyera. Inu simunafune kumva."

"Magalimoto oyera mutauni muno ndi angati?"

"Ambiri. Koma oima mumsewu uno masana ndi angati?" Anasenza beseni lake. "Mwana wanu ali ndi maso. Munamufunsapo inuyo, muli awiriwiri, popanda wina womuyankhira?"

Anapita. Ine ndinakhala pamakina, nsalu ili m'manja, osasoka. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinakhalapo ndi mwana wanga awiriwiri chichitikire ngoziyo. Panalibe. Nthawi zonse amayi anali pomwepo, kapena bambo ake. Ndinakumbukiranso kuti sabata ya ngozi ija amuna anga ankabwera pabasi, ati galimoto ili kugalaja, yapita kukakonzedwa mabuleki.



6

Amayi ndinawatuma kumsika. Ndinawapatsa zogula zambirimbiri zoti akazungulire nazo. Atangotuluka pageti, ndinamunyamula Wayilesi n'kumukhazika patebulo lodulira nsalu. Ndinatseka chitseko cha shopu.

"Ndikufuna ndikusokere diresi latsopano, lotakasuka, loti chikhakha chizilowa bwino. Kweza manja."

Anakweza. Ndinamuzunguliza tepi pachifuwa. Nthiti zake zinkawerengeka.

"Mwana wanga, muno tili awiri. Agogo kulibe, adadi kulibe. Galimoto imene inakugunda unaiona?"

Thupi lake lonse linauma. Anayang'ana kuchitseko.

"Palibe akumva. Ndiuze."

"Agogo anati ndisanene." Mawu ake anali aang'ono, osasa, ngati a munthu wodzuka kumene.

"Anati ukanena chichitike n'chiyani?"

"Anati adadi ndi amalume akamangidwa. Ndiye tizigona ndi njala. Ndiye inuyo mudzadwala mtima n'kufa, ndipo wokuphani ndidzakhala ine."

Tepi inagwa pansi. 

"Ankayendetsa ndani?"

"Amalume. Adadi anakhala mbali inayo. Ine ndinawaona, ndinaimika dzanja kuti anditenge. Ndiye galimoto inangobwera kumene ndinaima." Misozi inayamba kutsika. "Nditagwa adadi anatembenuka n'kundiyang'ana pagalasi lakumbuyo. Ndinawaitana. Koma galimoto inapita. Amama, musafe. Sindinafune kunena. Mwandifunsa ndinu."

Ndinamukumbatira, chikhakha chikundikanda pamimba. Kwa miyezi iwiri mwana wa zaka zisanu ndi zitatu anasenza katundu ameneyu yekha, akudya pamodzi ndi anthu amene anamusiya pamsewu, akusambitsidwa ndi gogo amene anamutseka pakamwa. Ine mayi wake ndili kalikiliki kugubuduza miyala.

"Sindifa," ndinamuuza. "Ndipo iwe sunalakwe chilichonse. Wamva? Chilichonse."

Ndinamutengera kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, msewu wachiwiri, n'kumupempha amusunge mpaka madzulo. Kenaka ndinabwerera kukadikira nthawi ya chakudya chamasana.

7

Galimoto yoyera inalowa pageti nthawi yake yamasiku onse. Ndinaiyang'ana ngati ndikuiona koyamba. Nyali yakumanzere inali yatsopano, yowala kuposa inzake.

Amayi anali atabwerako kumsika, akupakula. Ndinapita kukanyumba kakuseri n'kumenya chitseko ndi phazi.

"Tuluka. Lero udyera patebulo."

Atakhala onse atatu, ndinakiya chitseko cha pabalaza n'kuika kiyi m'thumba.

"Mwana ali kuti?" anafunsa amuna anga.

"Mwana uti? Amene unamusiya pamsewu?"

Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawatchulepo kuti iwe. Supuni inagwa m'manja mwa amayi. Mchimwene wanga anayamba kulira nthawi yomweyo, mamina ndi misozi, ngati anali kungodikira kuti wina amutsegule.

"Achemwali, sindinachite dala! Alamu ankandiphunzitsa kuti ndipeze laisensi. Ndinamuona akuimika dzanja, ndimati ndiponde buleki, ndinaponda mafuta..."

"Khala chete. Za iwe ndimva pambuyo." Ndinatembenukira kwa bambo wa mwana wanga. "Iwe. Unamuona?"

"Amake Wayilesi, mverani..."

"Unamuona kapena sunamuone?"

"Ndinamuona." Mawu ake anali pansi. "Mutu unasokonekera. Galimoto ndi ya kuntchito, alamu alibe laisensi, ndikanachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, mwina kumangidwa. Ndinati tikaibise kaye kuseri kwa galaja ndibwerere wapansi. Ndinathamanga, Mulungu ndi mboni. Koma pofika ndinapeza wa lole wamutenga kale."

"Unayamba wapulumutsa galimoto."

"Sizili choncho..."

"Mwana wako akukuitana, magazi ali pamsewu, iwe unayamba wapulumutsa galimoto ya abwana! Munthu wachilendo ndi amene anaima. Ndipo kuchipatala kuja ndikumumenya ndi chikwama, iwe unali pomwepo. Ndikupita kukatseka msewu, unkadziwa. Akumuthyola dzanja m'ngalande, iwe unali kuti? Unali kuofesi ukutsegulira abwana chitseko!"

Amayi anaimirira n'kugwira mkono wanga. "Mwana wanga, tsitsa mawu, aneba akumva."

"Amve!"

"Ndimvere ine mayi wako. Ndikanatani? Uyu ndi mwana wanga, uyu ndi mkamwini wanga amene amatidyetsa tonse. Mdzukulu anali atapweteka kale, kunena kukanabweza mwendo? Ndinaona kuti tisataye anthu awiri pamene tingataye mwendo umodzi. Chibale n'fupa, sichiola."

"Fupa? Mukundiuza za fupa ine? Pitani mukaone mafupa a mdzukulu wanu, ali ndi zitsulo! Munamuuza mwana kuti akanena ndifa ine. Usiku uliwonse kuchipatala kuja, ine ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha inu, inu mukumuthira mantha m'khutu. Wanu ndi mwana, wanga ndi chiyani? Chidole?"

"Ukapita kupolisi," anatero amayi, maso atauma tsopano, "udziwe kuti mayi ulibe."

Ndinatulutsa kiyi m'thumba. "Amene wakhala wopanda mayi miyezi iwiri yonseyi ndi mwana wanga. Zimenezo zatha lero."

8

Popita kupolisi ndinadzera kwa a Ndondomeko. Ndinawapeza akuthirira maluwa. Atangoona nkhope yanga anatseka mpopi.

"Munkadziwa," ndinatero.

Anapumira m'mwamba. "Ndinali pa okala tsiku limenelo. Ine, mwini okala, ndi mayi wa saluni. Tinaona."

"Anthu atatu akuluakulu."

"Amuna anu anabwera madzulo ake, anagwada pakhonde pano. Tinaona kuti ndi za m'banja, amayi. Za m'nyumba ya eni sitilowerera. Tinati mudzakambirana nokha."

"Za m'banja? Dalaivala uja ndi wa m'banja mwathu? Pamene ankamuponda m'ngalande, munabwera ndi kandodo kanu n'kumati alibe mlandu. Ndinakufunsani kuti mukudziwa bwanji. Mawu awiri okha akanamupulumutsa. Munawameza."

"Ndinaopa kupasula banja lanu pagulu."

"Ndiye munasankha kupasula la mnzanu amene sakhala mumsewu uno, amene simukumana naye kumaliro kapena kutchalitchi. Mpando umenewo mukhalepo bwino, bambo."

Kupolisi ndinanena zonse, kuphatikizapo zanga. Ndinawauza kuti amene analoza dalaivala uja kwa anyamata ndine. Wapolisi wamkazi uja anandiyang'ana nthawi yaitali asanayambe kulemba.

Amuna anga ndi mchimwene wanga anawatenga tsiku lomwelo. Ntchito ija, imene amuna anga anaiona yoposa mwana, inatha sabata yomweyo. Mlandu unapita kukhoti. Mchimwene wanga analamulidwa kukagwira ukaidi, amuna anga anawapatsa chilango choti akagwire ntchito yothandiza anthu, ine ndinaweruzidwa pa mlandu woyambitsa chipolowe ndipo anandimasula ndi chenjezo. Amayi ananyamula katundu wawo n'kupita kwa mkulu wanga. Achibale onse akuti ndine mfiti yodya mbale wake. Amayi aja ankati ndiime pachisankho tsopano akandiona amawolokera mbali ina.

Ulendo wovuta kuposa wa kupolisi unali wa kwa dalaivala wa lole uja. Ndinafunsira pamsika mpaka ndinapeza nyumba yake, chipinda chimodzi kuseri kwa chigayo. Anali atakhala pampando panja, dzanja lija lili pamwendo ngati si lake. Ndinagwada pafumbi.

"Bambo, ndinakulakwirani. Munapulumutsa mwana wanga, ine ndinakulipirani ndi miyala."

Anandiyang'ana osaphethira. Mkazi wake anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Dzukani, mayi," anatero bamboyo. "Kugwada kwanu sikundibwezera dzanja. Kukhululuka sindinganame, sindinafikepo. Mwina chaka chamawa, mwina ayi." Kenaka anafunsa, "Kamtsikana kaja kakuyenda?"

"Ndi ndodo imodzi tsopano."

"Chabwino. Mukakauze kuti amalume a lole akupereka moni."

Ndinalira njira yonse yobwerera. Munthu amene ndinamuthyoletsa dzanja anafunsa za mwana wanga. Mayi wondibala chichokereni sanaimbepo foni kumufunsa.

9

Tsopano tikukhala awiri, ine ndi mwana wanga. Amatsimphina, ndipo adokotala akuti adzatsimphina moyo wake wonse. Bambo ake amatumiza ankhoswe kuti tikambirane. Ndinawauza kuti amene angawakhululukire si ine, ndi amene ankawaitana ali pansi pamsewu, ndipo ameneyo sindidzamukakamiza. Pakadali pano akamva mawu awo pageti amalowa kuchipinda.

Mkazi wa dalaivala uja ndinamupempha kuti azibwera kudzaphunzira pamakina anga achiwiri. Anakana kawiri, kachitatu anabwera. Timasoka osalankhulana kwambiri. Sindikuyembekeza kuti adzandikonda, ndipo sindimufunsa.

Inu owerenga, makamaka inu okhala m'madera ngati lathu, momwe aliyense amadziwa galimoto ya mnzake ndi nthawi imene imalowa pageti, ndili ndi mawu nanu. Timanyadira kuti ndife aneba abwino, sitilowerera za eni. Timasonkhana kukambirana za zinyalala, za ngalande, za magetsi a mumsewu, n'kuwomba m'manja. Koma chikachitika chenicheni, chofuna kuti munthu atsegule pakamwa atchule dzina la mnzake amene amamwa naye tiyi, tonse timayang'ana kudenga. Kukhala chete kumeneko kuli ndi wolipira, ndipo kawirikawiri amakhala mlendo wongodutsa kapena mwana.

Ndipo inu amayi anzanga, mkwiyo wanga unali woona, koma ndinaupereka kwa munthu woyamba amene anandiimira pafupi. Ndinafunsa komiti, ndinafunsa apolisi, ndinakuwa pamaso pa khansala. Munthu amene anaona zonse n'kuvulala nazo ankagona chipinda choyandikana ndi changa, akunyowetsa mphasa ndi mantha, ndipo ameneyo ndi amene ndinamufunsa pomaliza.

Mwana wanu akasintha mwadzidzidzi, musalole wina aliyense kumuyankhira, kaya ndi bambo ake, kaya ndi mayi anu okubalani. Tulutsani onse, tsekani chitseko, mumufunse nokha.